Land Rover yakale sikhala ya chaka chimodzi: mbiri yake ndi kagulidwe ka masipeya

Ambiri mwa ife tinalandirapo oda yotere. Usiku woti mawa tinyamuka, foni ilira, munthu n'kunena kuti, "Mukafika ku Joni mundigulireko shafuti yakumbuyo ya Land Rover yanga, ndi ya 1978." Ndalama atumiza. Ife tipita, tifunsa m'sitolo, wogulitsa ayang'ana pa kompyuta n'kutitulutsira chitsulo chatsopano. Tilipira msonkho pa boda, tichinyamula masiku awiri kapena atatu pansi pa mpando, koma chikafika kwa makaniko, sichikulowa. Mwini galimoto akuti tagula cholakwika. Sitolo ili kutsidya kwa maboda awiri. Ndalama zapita, ndipo kasitomala amene ankatipatsa maoda mwezi ndi mwezi wasiya kuyankha moni.

Kawirikawiri wogulitsa sanalakwitse, ifenso sitinalakwitse. Vuto ndi lakuti 1978 ndi chaka cholembedwa m'buku la galimoto basi. Chasisi ikhoza kukhala ya 1978, injini ya 1983, giyabokosi ya m'ma 1960, difu yochokera m'galimoto ya mtundu wina. Kuti timvetse mmene zinafikira pamenepa, tiyenera kubwerera kumene galimotoyi inachokera ndi kuona zimene inakumana nazo itafika kuno kwathu.

Land Rover inaonetsedwa koyamba pa chionetsero cha magalimoto ku Amsterdam pa 30 April 1948. Inapangidwa ndi kampani ya Rover ku Solihull, ku England, ndipo amene anabwera ndi ganizoli anali Maurice Wilks, mkulu wa mainjiniya, yemwe ankagwiritsa ntchito Jeep yotsala kunkhondo pa munda wake. Yoyeserera yoyambirira anaimanga pa chasisi ya Jeep yomweyo. Tinganene kuti galimotoyi inabadwa kale ndi ziwalo zobwereka. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha, chitsulo chinkagawidwa ndi boma, koma aluminiyamu ankapezeka, n'chifukwa chake bodi anaipanga ya aluminiyamu pa chasisi yachitsulo. Mpaka lero zotsatira zake timaziona: bodi sichita dzimbiri, imaoneka yabwinobwino, pamene pansi chasisi ikudyeka. Malo amene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo amatuluka ufa woyera n'kubooka. Amene akugula galimoto yokhala nthawi yaitali ku Beira, ku Durban kapena ku Dar es Salaam, kumene mphepo imakhala ya mchere, agogode chasisi ndi hamala, makamaka mtanda wakumbuyo ndi timikono tonyamula bodi, asanatamande utoto.

Mitundu inatsatana motere. Yoyamba, imene pambuyo pake anaitcha Series I, inali ya mainchesi 80 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo pofika 1956 miyezo inakhazikika pa 88 ndi 109, yaifupi ndi yaitali. Series II inabwera mu 1958 ndi injini ya petulo ya malita 2.25. Series IIA inabwera mu 1961 ndipo inabweretsa dizilo ya 2.25. Series III inayamba mu 1971 n'kutha mu 1985. Boma, apolisi, mamishoni, zipatala za kumudzi, maesiteti a fodya ndi tiyi, migodi ya ku Copperbelt, onsewa ankayendera yomweyi, kuyambira ku Cape mpaka ku Kenya. Chofunika kwa ife ndi chakuti kuchokera 1958 mpaka 1985, zaka 27, maonekedwe ndi miyezo ya galimotoyi sizinasinthe kwenikweni. Chitseko cha chaka china chimalowa pa bodi ya chaka china. Injini ya Series III imakhala bwinobwino mu Series IIA. Chimenechi n'chimene chinapulumutsa magalimotowa, komanso n'chimene chimatisokoneza pogula, chifukwa kunja zimafanana pamene m'kati zinkasintha pang'onopang'ono.

Titenge nkhani ya mabawuti, imene yaliza amakanika ambiri. Magalimoto oyambirira anamangidwa ndi mabawuti a muyezo wakale wa ku Britain, Whitworth ndi BSF. Kenako kunabwera UNF, wa mainchesi koma wa mazinga ena, amene amakanika amati mathiredi. Cha m'ma 1980 kampani inayamba kulowa mu metric, wa mamilimita, womwe tinauzolowera pa magalimoto a ku Japan. Kusinthaku sikunachitike tsiku limodzi. Galimoto imodzi inkatuluka mu fakitale ili ndi miyezo iwiri kapena itatu, injini wina, giyabokosi wina, ekiselo wina. Makaniko amene ali ndi masipanala a mamilimita okhaokha amamaliza makona a nati, kenako n'kutenga tchizulo.

Pa bodi zimenezi n'zongotopetsa. Pa mabuleki n'zakupha. Timanati tomangira mapaipi a mafuta a mabuleki tinali ta 3/8 UNF, ndipo kuyambira cha m'ma 1980 tinakhala ta M10. Tiwiriti timafanana kwambiri: 3/8 ya inchi ndi mamilimita 9.5, winayo ndi 10, ndipo mazinga ake amatalikirana pafupifupi mofanana. Choncho kanati ka 3/8 kamalowa m'bowo la M10, kamazungulira, kamaoneka ngati kagwira. Pagalaja mabuleki amagwira ndithu. Kamadzafwamphuka tsiku limene dalaivala waponda mwamphamvu, galimoto itadzaza matumba, potsika phiri. Tikatumidwa silinda ya mabuleki kapena paipi, tisanyamuke opanda yakaleyo m'manja, ndipo tiyese kanatiko ndi zala m'sitolo momwemo. Koyenera kamalowa mosagwedera kuyambira pa zinga loyamba.

M'chaka cha 1980 chomwecho munasintha zambiri. Injini ya 2.25, imene kilankishafuti yake inkagona pa mabering'i atatu, anaipatsa asanu. Dzina ndi lomwelo, 2.25, koma kilankishafuti ndi zina za pansi n'zosiyana. Ya mabering'i asanu imadziwika ndi nthiti zowonjezera m'mbali mwa buloko. Yaifupi ya 88, imene inali ndi madiramu a mabuleki a mainchesi 10, inalandira a 11 kutsogolo, ngati a 109. Tikabwerera m'mbuyo pang'ono, mu 1967 anasintha magetsi: akale onse waya wa positive wa batire ndiye unkapita ku chasisi, mosiyana ndi magalimoto a masiku ano. Ambiri anawatembenuza kale, koma alipo ochepa amene akadali choncho, ndipo amawotcha wailesi kapena tchaja ya foni nthawi yomweyo.

Shafuti ija ya 1978 nayo ili ndi mafunso ake. Ekiselo ya Rover, imene ili pa magalimoto aafupi ndi aatali akale, ili ndi mashafuti a mano 10 kumene amalowa mu difu, ndipo amatchuka ndi kuthyoka munthu akaumiriza galimoto yolemedwa m'matope kapena mumchenga. Pa Series III yaitali anaika kumbuyo ekiselo ya Salisbury, yolimba kwambiri, ya mashafuti a mano 24. Eni magalimoto ambiri anachotsa ya Rover n'kuika Salisbury, ena Salisbury itawonongeka anabwezeramo ya Rover imene anaipeza pafupi. Komanso shafuti yakumanja ndi yakumanzere n'zosiyana kutalika, chifukwa difu sili pakati penipeni. Funso si lakuti galimoto ndi ya chaka chiti. Funso ndi lakuti: mbali iti, yotalika bwanji, mano angati uku, mano angati uko.

Zonsezi ndi zosintha za ku Solihull. Zazikulu zinachitikira kuno.

Magalimoto ambiri a Land Rover sankabwera athunthu. Ankabwera m'mabokosi n'kudzamangidwa m'maiko osiyanasiyana, ndipo maboma ankafuna kuti ziwalo zina zizipangidwa komweko. Ku South Africa ankawamanga ku Blackheath, pafupi ndi Cape Town. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kumeneko kunatuluka mtundu wakewake, Series IIIS, wa mainjini amene ku England sanaikidwepo mu Land Rover. Ina inali ya petulo yotchedwa R6, ya masilinda 6 ndi malita 2.6. Apa m'pamene pali msampha, chifukwa ku Solihull nakonso kunali injini ya masilinda 6 ndi malita 2.6, imene ankaika mu 109 kuyambira 1967, koma ziwirizi ndi mainjini osiyana kotheratu. Munthu akati "gasiketi ya 2.6" sananene kanthu. Ina inali dizilo ya ADE 236, yopangidwa ndi Atlantis Diesel Engines, fakitale imene boma la tsankho linakhazikitsa poopa kuti maiko akunja asiya kuligulitsa mainjini. ADE 236 ndi Perkins 4.236 yopangidwa ndi chilolezo, banja lomwelo la injini zimene zili m'mathirakitala ambiri a Massey Ferguson. Amene ali ndi galimoto yotere asataye nthawi m'sitolo ya Land Rover pofuna mapisitoni ndi maring'i. Apite kwa ogulitsa za mathirakitala. Ngakhale dizilo wamba ya 2.25 ili ndi chibale ndi thirakitala: pampu yake ndi ya CAV ya mtundu wa DPA, imene okonza mapampu a mathirakitala amaidziwa bwino.

Ku Spain, kampani ya Santana ku Linares inayamba kumanga Land Rover ndi chilolezo mu 1958, ndipo patapita zaka inayamba kusintha zinthu mwa iyo yokha, mpaka mainjini ndi magiyabokosi akeake. Anzathu a ku Zimbabwe amalidziwa dzinali, chifukwa kwa zaka zambiri munthu akati Santana ankatanthauza galimoto ya apolisi. Zambiri zinagulitsidwa pa okushoni n'kufalikira m'mafamu ndi m'migodi ing'onoing'ono. Kuiona patali ndi Land Rover, koma ziwalo zina za ku England sizilowa.

Ndiye panabwera zaka za maboda otsekeka. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda chilolezo cha Britain, ndipo dzikolo linaikidwa pa zilango za malonda. Masipeya ochokera ku England anasiya kubwera mwachindunji. Mashopu a makina ku Salisbury ndi ku Bulawayo anaphunzira kusema, kuumba ndi kuwotcherera chilichonse chimene sichikanagulidwa. Zambia, imene mafuta ake ndi katundu wake zinkadzera kum'mwera, inatembenukira ku Dar es Salaam, ndipo madalaivala a nthawi imeneyo ankanyamula migolo ya mafuta pa msewu wafumbi wa Great North Road, ulendo umene unatchedwa Hell Run, mpaka paipi ya TAZAMA itatha mu 1968. Mu January 1973 boda ya Zambia ndi Rhodesia inatsekedwa. Cha m'ma 1975 mtengo wa kopa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo galimoto imene inafa chifukwa cha kachitsulo kamodzi inkakhala nkhokwe ya masipeya a zinzake zisanu. Ku Mozambique nkhondo inatha mu 1992, itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala zimene Malawi ankadalira, ndipo malole ankadutsa ku Tete m'mizere yoperekezedwa ndi asilikali. M'zaka zonsezi palibe amene ankafunsa ngati giyabokosi ndi ya chaka choyenera. Ankafunsa ngati ikulowa.

Amisiri amene anakulira m'nyengo imeneyi ndi amene anaphunzitsa anthu amene timawapeza lero ku Magaba ku Mbare, ku Ndirande, ku Biwi ndi m'magalaja a ku Kitwe ndi ku Ndola. Luso lawo si lonyoza. Mkulu woti amatenga bering'i yakutha, n'kupukuta, n'kuwerenga nambala yodindidwa m'mphepete, n'kukutumani ku sitolo ya mabering'i m'malo mwa sitolo ya magalimoto, wakupulumutsirani ndalama zambiri, chifukwa mabering'i ndi masilo zili ndi manambala a dziko lonse, osati a Land Rover yokha. Masipuling'i amasulidwa n'kupindidwanso. Mabushi amasemedwa pa makina a lathe. Rediyeta amaisintha m'kati n'kusiya matanki ake akale amkuwa.

Pamene Land Rover inkavutika ndi mavuto a British Leyland m'zaka za m'ma 1970, Toyota inalowa. Land Cruiser ya 40 Series inapangidwa kuyambira 1960 mpaka 1984, ndipo mitundu yake ya dizilo, HJ45 kenako HJ47, inalanda msika wa boma ndi wa mabungwe. 70 Series inayamba mu 1984, ndipo injini yake ya 1HZ ya malita 4.2 inabwera mu 1990. Tisaganize kuti Toyota ilibe mbiri ya ziwalo zobwereka: ku Brazil Land Cruiser yakaleyo inkapangidwa mpaka 2001 pansi pa dzina la Bandeirante, ndipo kwa zaka zambiri inali ndi injini za Mercedes-Benz. Koma kwa ife chachikulu n'chakuti kubwera kwa magalimoto a ku Japan kunadzaza dera lathu ndi mainjini abwino a dizilo, ndipo ambiri anathera m'mimba mwa Land Rover.

Kusintha injini ndi mwambo wakale. Ku South Africa ankakonda Ford V6 ya malita 3, imene inkapangidwa ku Port Elizabeth mpaka chaka cha 2000, ndi mainjini a Chevrolet. Kumpoto kwa Limpopo timaona kwambiri Toyota 2L ndi 3L, Nissan TD27 ndi Isuzu 4JB1, komanso 200Tdi ndi 300Tdi za Land Rover yomweyo, zochotsedwa mu Discovery. Nayonso kampani inachita zomwezi: BMW itagula Rover mu 1994, fakitale ya ku Rosslyn inatulutsa Defender ya injini ya BMW ya malita 2.8 kuyambira 1997. Pakati pa injini yachilendo ndi giyabokosi yakale pamakhala mbale yolumikizira, ndipo kilatchi imakhala yosakaniza: mbale yake iyenera kugwirizana ndi fulayiwilo ya injini, pamene mano a pakati ayenera kugwirizana ndi shafuti ya giyabokosi. Oda ya kilatchi ya galimoto yotere sitiilandira pa foni. Atipatse yakaleyo, kapena chithunzi chokhala ndi tepi yoyezera pamwamba ndi mano owerengedwa.

Maganizo athu ndi akuti anthu amakonda kwambiri mphamvu kuposa mmene giyabokosi ya Series ingapiririre. Inapangidwira injini yofatsa ya 2.25. Mukaipatsa injini yokoka ngati ya thirakitala, kapena ya turbo, n'kumanyamuka mothamanga mutasenza chimanga, imadya magiya ndi kuthyola mashafuti. Injini yabwino ya galimotoyi ndi imene masipeya ake akupezeka pa tawuni yapafupi, osati imene ikubangula kwambiri.

Pali chinanso chimene chimatsatira kusintha injini. Difu ya Series ndi ya 4.7, kutanthauza kuti puropushafuti imazungulira ka 4.7 kuti tayala lizungulire kamodzi. Pa tala injini imalira kwambiri liwiro lili lochepa. Ena amaika ovadilaivu ya Fairey, ena amaika difu ya 3.54 yochokera mu Range Rover, imene imalowa m'ekiselo ya Rover. Cholakwa chofala ndi kusintha yakumbuyo yokha chifukwa ndalama zinakwanira imodzi. Galimoto imayenda bwino mpaka tsiku limene dalaivala walowetsa matayala onse anayi: akutsogolo akufuna liwiro lina, akumbuyo lina, ndipo chinachake chiyenera kuthyoka. Tikatumidwa difu, tifunse kuti inzake ndi yotani. Kudziwa n'kosavuta. Kwezani tayala limodzi ndi jeke, lizungulizeni kawiri, muwerenge kuti puropushafuti yazungulira kangati.

Pali zimene timalola kuti zisulidwe ndi zimene sitilola. Bulaketi, ekizozi, mpando, chitseko, mtanda wa chasisi wowotcherera ndi mmisiri wodziwa, zonsezi zilibe vuto. Koma ndodo ya chiwongolero yowotcherera, tayirodi yomenyedwa ndi hamala kuti isiye kugwedera, paipi ya mabuleki ya kopa wa mafiriji, izi ayi, ngakhale mwini galimoto atachonderera bwanji. M'masitolo masipeya amabwera m'magulu atatu: a bokosi la Land Rover, a kampani imene inkapangira Land Rover koma m'bokosi lake, ndi ongotengera, amene ena ndi abwino ena ndi achabe. Pa nyali ndi zogwirira zitseko tengani otsika mtengo. Pa mabuleki, chiwongolero ndi masilo a m'kati mwa injini, amene kuwasintha kumafuna kutsitsa giyabokosi, kuchepetsa mtengo n'kulipira makaniko kawiri.

Fakitale ya ku Solihull inatulutsa Defender yakale yomaliza pa 29 January 2016, koma masipeya a Series akupangidwabe ndi makampani ena, ndipo ku Johannesburg, ku Pretoria ndi ku Cape Town kuli masitolo ochita za Land Rover zokhazokha. Kusowa kwa lero si kwa 1975. Zimene zimasowa ndi chidziwitso cha chimene chili m'galimotomo. Nambala ya chasisi imapezeka pa kambale ka m'kati kutsogolo, ndiponso inadindidwa pa chitsulo chogwira sipuling'i yakutsogolo kumanja. Injini, giyabokosi ndi ekiselo chilichonse chili ndi nambala yakeyake, ndipo chilembo chomalizira pa nambala ya giyabokosi n'chimene chimauza wogulitsa mtundu wa magiya a m'kati. Mwini galimoto apale matope, ajambule manambala anayiwa, atitumizire tisanakwere basi.

Pa boda pali zinthu ziwiri. Choyamba, chitsulo chogulidwa ku Johannesburg sichisanduka cha ku South Africa chifukwa cha risiti. Ngati bokosi lalembedwa kuti chinapangidwa ku Britain, ku India kapena ku China, sichilowa m'gulu la katundu wa SADC wochotseredwa msonkho, choncho tiwerengere dyute pouza kasitomala mtengo. Chachiwiri ndi injini. Yogula kwa ophwasula magalimoto ibwere ndi risiti yolembedwa nambala ya injiniyo, yofanana ndi yodindidwa pa buloko, ndipo ikaikidwa mwini galimoto akasinthitse nambala m'buku ku ofesi yoona za magalimoto. Mainjini ambiri amene anasinthidwa m'zaka za kusowa zija sanalembetsedwe. Galimoto imayenda zaka makumi awiri m'boma lakwawo popanda wofunsa, tsiku loyamba kupita nayo ku Chirundu, ku Mwanza kapena ku Nakonde, wapolisi atsegula boneti, aona Isuzu pamene buku likunena Land Rover 2.25, ndipo galimoto igona pamenepo pamodzi ndi katundu.